Kalata yotseguka kwa oyendetsa za mphamvu ndi magetsi: mukatiwerenga, muzitiuzanso zimene mwapeza

Kwa Olemekezeka a Nduna oona za mphamvu ndi magetsi, akuluakulu a mabungwe onse opanga, ogulitsa ndi oyang'anira magetsi, akuluakulu a ofesi ya kalembera ku Zomba, ndinso Mabwanamkubwa a maboma a Salima ndi Nkhotakota.

Landirani moni wochokera kuno kunyanja, kumene mwezi wa Okutobala ukafika ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Ndalama zanga zopumira ndinagulira chigayo, ndipo anthu a kwathu anandisankha kuti ndizikhala nawo mu komiti ya chitukuko ya dera lathu, ija timangoti ADC. Za uinjiniya sindidziwa. Chimene chandilimbitsa mtima kuti ndikulembereni ndi kope limodzi lachikuto cholimba limene limakhala pashelefu m'chigayo mwangamo.

Poyamba linali la ngongole, lolembamo amayi amene agayitsa lero n'kudzalipira mwezi ukatha. Kenaka ndinayamba kulemba chakumapeto kwake nthawi imene magetsi azima ndi nthawi imene abwera. Chifukwa chake n'chochititsako manyazi: mnyamata amene amandiyendetsera chigayo ankati ndalama zikaperewera, iye n'kunena kuti kunalibe magetsi, ndipo ine ndinkamuganizira kuti akundidyera. Sankanama mwana wa eni. Nditapepesa, kulembako sindinasiye, ndipo lero masamba a mdima aposa masamba a ngongole.

Tsiku lina ku ADC tinauzidwa kuti tisankhe malo amene tikufuna kuti aganiziridwe pa gawo lotsatira la MAREP, ndondomeko ija yopititsa magetsi kumidzi. Tinakangana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense ankakokera kwawo, ndipo wopambana anali wa mawu okwera. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kunena kuti pamsika wakutiwakuti pali zigayo za dizilo zingati, owotcherera zitsulo angati, kapena nyumba zingati zimene zinawayalidwa kale n'kumangodikira polo. Ndinadzipereka kukafunsa ku ofesi ina kuboma. Anandilandira bwino, mpando anandipatsa, koma yankho linali lakuti ziwerengero zoterozo zimakhala ku Lilongwe. Pobwerera ndinadzifunsa kuti, nanga a ku Lilongwewo amazitenga kuti ngati kuno kwenikweniko kulibe amene akuzilemba?

Chondidabwitsa n'chakuti dziko lathu kuwerenga limakudziwa. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwathu angakuuzeni ana osakwana zaka zisanu alipo angati ndi amene sanabaye katemera. Mlangizi wa zaulimi amayendera minda nyengo iliyonse kuti boma lidziwiretu ngati kukhale njala. A zausodzi amawerenga mabwato, mainjini ndi makoka m'madooko. Mphunzitsi wamkulu aliyense amadzaza mafomu a chiwerengero cha ana ndi madesiki. Ine ndawadzazapo mpaka zala kuwawa. Koma moto umene umaphika nsima, kuwamba nsomba, kuwotcha njerwa ndi kuzunguza chigayo ulibe mwini wake woulemba kumudzi. Mwina n'chifukwa chakuti nkhuni zili m'manja mwa a zankhalango, petulo ndi dizilo zili kwina, magetsi ali kwinanso, ndipo sola ya padenga ilibe mbuye. Nkhuku ya anthu ambiri imagona panja.

Ndiloleni ndikhalitse pa mfundo imodzi, chifukwa ndi imene imandisowetsa tulo. Mita imalemba magetsi amene agulidwa, osati amene anthu anawafuna. Magetsi akazima tsiku lonse, mita yanga sidya yuniti ndi imodzi yomwe. Amayi amene anabwera ndi madengu a mphale amadikira mpaka kutopa, kenaka amasenza ulendo wa ku chigayo cha dizilo, kumene amalipira mokwera. M'mabuku a ogulitsa magetsi, tsiku limenelo limaoneka ngati ine sindinafune kanthu. Masiku otere akachuluka, chaka chikatha wina ali mu ofesi adzayang'ana manambala n'kunena kuti dera ili siligwiritsa ntchito magetsi ambiri, thiransifoma yaikulu ipite kwina. Ndiye kuti mdima wathu womwe ukutichitira umboni wotitsutsa. Zili ngati kuyeza njala ya mwana poona nsima imene wadya, pamene m'nyumbamo munalibe ufa.

Ndipo si ine ndekha wosaoneka. Wowotcherera zitsulo amene anagula jenereta sapezeka m'mabukumo. Mayi wogulitsa ayisi kwa ogula nsomba ku Senga Bay, amene firiji yake yasungunuka, sapezekamo. Mnyamata amene anafuna kutsegula malo ometera koma anagwa ulesi podikira kulumikizidwa, iyenso mulibe. Anthu onsewa ndiwo kufunika kwenikweni kwa magetsi m'boma lino. Wokonza mapulani amene sakuwaona adzamanga nyumba yaing'ono, ana n'kumagona pakhonde.

Ife a ku Salima tili ndi chifukwa chapadera chofunsira. Ku Nanjoka kuli munda wa magalasi a sola wa mamegawati 60, umene unatsegulidwa mu Novembala 2021. Anzathu a ku Nkhotakota ali ndi wawo wa mamegawati 21, ndipo ku Golomoti, m'boma la Dedza, kuli wa mamegawati 20 wokhala ndi mabatire osungira mphamvu. Dzuwa lomwe limatiwaulali lasanduka chuma cha dziko lonse, ndipo timanyadira. Ndikudziwa kuti magetsi akalowa m'mawaya akuluakulu sakhala ndi kwawo, amapita kumene akufunika. Sindikunena kuti a ku Nanjoka akhale athu okha. Koma mwana wa sukulu akandifunsa kuti, agogo, bwanji magalasi onse aja ali pompano koma kwathu timawerengera tochi, ndimafuna kumuyankha ndi manambala. Munda umenewu wapanga magetsi ochuluka bwanji chaka chathachi? Boma la Salima lagwiritsa ntchito ochuluka bwanji? Nyumba zimene zalumikizidwa kwa Kalonga, kwa Khombedza, kwa Pemba, kwa Ndindi kuyambira 2021 ndi zingati? Mayankho a mafunso awa alipo penapake, pakuti palibe amene amagula kapena kugulitsa magetsi osayeza. Kungoti sakufika kuno.

Palinso nkhani ya nthawi. Sola imagwira ntchito dzuwa likakhala m'mwamba, pamene anthu amafuna magetsi kwambiri chakumadzulo, nyali zikayaka, mawailesi akanema akatsegulidwa. Eni zigayo, owotcherera ndi othirira mpunga ku Lifuwu atadziwa bwinobwino maola amene magetsi amachuluka, ambiri akhoza kusuntha ntchito zawo kuti zizigwiridwa masana. Ine ndikhoza kuuza amayi kuti azibwera dzuwa lili paliwombo. Ndi thandizo laling'ono, inde, koma laulere, ndipo silingachitike anthu ali mumdima wa chidziwitso.

Miyezi iwiri yokha chitsegulireni Nanjoka, namondwe wa Ana anafika mu Januwale 2022 n'kuwononga damu la Kapichira. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 usiku umodzi, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti makina aja ayambenso kugwira ntchito mu 2023. Masamba a kope langa a nthawi imeneyo ndi odzaza mbali zonse. Ndikanakonda kudziwa ngati alipo amene anawerengera zimene maboma ngati athu anataya: nsomba zimene zinawola, dizilo amene anagulidwa, mitengo imene inagwa chifukwa ngakhale a m'tauni ophikira magetsi anabwerera ku mbaula. Popanda kuwerengera koteroko, mukamakambirana zomanga malo ena opangira magetsi kutali ndi mtsinje wa Shire, mtengo womangira mumaudziwa mpaka tambala yomaliza, koma mtengo wokhala osamanga simuudziwa.

Tsopano ndifike pa moto weniweni wa Amalawi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndizo zimaunikira magetsi a mawaya, ndipo zoposa theka zimadalira tochi za mabatire. Pophika, nyumba pafupifupi 77 pa 100 zimasonkha nkhuni, 18 zimagwiritsa ntchito makala, ndipo za magetsi ndi 2 zokha. Manambala amenewa ndi abwino, koma kalembera amabwera kamodzi pa zaka 10, ndipo amangofunsa kuti mumaphikira chiyani, safunsa kuti mitolo ingati kapena matumba angati. Mwana amene anabadwa chaka cha kalemberayo adzakhala ali sitandade 4 kapena 5 pofika wina. Nkhalango sidikira choncho.

Aliyense amene wayendapo usiku kapena mbandakucha pa msewu wa M14 wopita ku Lilongwe waziona njinga zolemedwa ndi matumba a makala, mwini akukankha thukuta lili kamukamu. Aliyense akudziwa zimene nkhalango za Thuma ndi Dedza-Salima zakumana nazo. Koma makala amene amalowa m'mabuku a boma kawirikawiri ndi okhawo amene alandidwa pa lodibuloko. Amenewo ndi kachigawo chabe. Kuyesa kudziwa kukula kwa malonda a makala poona olandidwa kuli ngati kuwerenga usipa wa m'nyanja poona umene wagwera pamchenga. Kuno kunyanja kulinso nkhuni zowambira kampango ndi mlamba, kuchokera ku Chipoka mpaka ku Chia, ndi mauvuni a njerwa amene amameza mitengo ya mango yathunthu. Ndondomeko ya dziko yokhudza makala ya 2017 mpaka 2027 ikupita kumapeto. Mudzadziwa bwanji ngati yaphula kanthu m'boma la Salima, pamene poyambira pake sipanayezedwe boma ndi boma?

Apa ndichenjeze. Wowerenga makala asabwere pagalimoto imodzi ndi wolanda makala. Akatero adzauzidwa kuti m'mudzi muno makala sitiwadziwa, ngakhale utsi wa uvuni ukufuka kuseri kwa phiri. Wowotcha makala ndi bambo amene chimanga chinamuthera mu Seputembala. Ngati mukufuna zoona, mufunseni mopanda kulemba dzina lake, ndipo wofunsayo akhale munthu amene amamwa naye madzi pa mjigo umodzi.

Mbali ina imene yasintha mwakachetechete ndi ya sola zazing'ono. Kale asodzi a usipa ankapita panyanja ndi nyali za palafini zopopa zija. Lero ambiri ali ndi mababu oyendera batire, ndipo masana mabatirewo amakhala pa chaji, ena pa magetsi, ena pa sola. Madenga a udzu ambiri ali ndi kagalasi kogulidwa pamsika wa Kamuzu Road, kena kabwino, kena kongotha miyezi itatu. Anthu adzipezera okha kuwala osadikira polo. Kodi zimenezi zili m'mabuku anu? Nanga mabatire akufawo akuthera kuti, poti ena ndimawaona atatayidwa m'mphepete mwa nyanja momwe ana amasambira? Ku Dwangwa zotsalira za nzimbe zimasanduka moto woyendetsa fakitale, ndipo mafuta a ethanol osakaniza ndi petulo akhala akupangidwa kumeneko kuyambira 1982. Maboma awiriwa ndi nkhokwe ya mphamvu za mitundumitundu, koma chithunzi chake chonse pa pepala limodzi sindinachionepo.

Mwina mukuti, mkulu wa chigayoyu zikumukhudza bwanji nkhani za maiko? Zikundikhudza chifukwa manambala amene mumanyamula popita ku misonkhano ya SADC amachokera, kapena amayenera kuchokera, kwa ife. Maiko a kuno kummwera kwa Africa ali ndi msika wogulitsana magetsi wa Southern African Power Pool, umene unakhazikitsidwa mu 1995 ndipo likulu lake lili ku Harare. Kwa zaka zambiri Malawi wakhala membala wopanda chingwe chomulumikiza ndi anzake, ngati munthu wokhala m'gulu la banki m'khonde koma osaponya kapena kukongola. Chingwe cha makilomita 218 chochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kufika ku Phombeya m'boma la Balaka chinakonzedwa kuti chithetse zimenezi. Komatu magetsi a kunja salipiridwa ndi kwacha, ndipo tonse tikukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wopita kumsika wotere ayenera kudziwa kuti kunyumba kukufunika zochuluka bwanji, nthawi yanji, mwezi uti. Akagula zochepa tikhalabe mumdima. Akalonjeza kugula zambiri zimene mawaya athu sangathe kufikitsa kwa anthu, ngongole yake idzatipeza pa mtengo wa mayunitsi. Safunsa anadya phula.

Nyanja nayonso ndi nkhani ya maiko atatu. Magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi madzi omwewa amene timachapiramo kuno, ndipo ena mwa madziwo amachokera m'mitsinje ya ku Tanzania, monga Ruhuhu, ndi ya ku Mozambique. Mbiri imatiuza kuti kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika moti Shire analeka kutuluka. Cha m'ma 2016 ndi 2017 inatsikanso, magetsi n'kumazima usana ndi usiku. Mu 2024 inachita zosiyana: inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mphepete muno. Nthawi imeneyo mkangano unabuka wa zitseko za damu la Kamuzu ku Liwonde, a kunyanja akuti tsegulani madzi apite, ena akuopera makina a magetsi ndi anthu a kuchigwa cha Shire. Mbali zonse zinali ndi mfundo. Chimene chinakulitsa mkwiyo kuno n'chakuti munthu wamba analibe poonera yekha kuti lero nyanja ili pati, dzulo inali pati, ndipo pa Liwonde pakudutsa madzi ochuluka bwanji. Pamene palibe nambala, mphekesera ndiyo imalamulira. Ndipo ngati mvula ya kumapiri a ku Tanzania ndiyo idzayatse babu langa chaka chamawa, ndiye kuti oyeza mvula ndi mitsinje a maiko atatuwa ayenera kumapatsana zimene apeza mwezi ndi mwezi, mwa muyezo umodzi, osadikira tsoka.

Zopempha zanga si zodula. Pa khonsolo iliyonse pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kusonkhanitsa za mphamvu zonse, magetsi, nkhuni, makala, sola, gasi ndi mafuta, ndipo azikapereka lipoti pamsonkhano wa khonsolo monga amachitira a zaumoyo ndi a zaulimi. Safunika gulu lankhondo la owerenga. Alangizi alipo kale m'midzi, makomiti a chitukuko a m'midzi, aja timati ma VDC, alipo, makomiti a m'madooko alipo. Mafunso asanu owonjezera pa fomu imene amadzaza kale akhoza kutiuza zambiri. Chofunika n'chakuti a ku Zomba akhazikitse muyezo umodzi, chifukwa thumba la makala la ku Thavite lokhala ndi chisoti chosokerera pamwamba silifanana ndi la m'tauni, ndipo mtolo wa nkhuni wa mwana si wa mayi ake. Mabungwenso agwirizane tanthauzo la mawu akuti nyumba ili ndi magetsi. Kodi ndi imene polo yadutsa pakhomo pake, imene ili ndi mita, kapena imene babu lake limayakadi madzulo? Aliyense akamawerenga mwa njira yake, Nduna imanyamula nambala ina, opereka ngongole ina, ndipo ku SADC kumafika yachitatu.

Chachikulu koposa, zimene mwasonkhanitsazo zizibwerera kuno. Takhala tikuyankha mafunso a anyamata obwera ndi matabuleti kwa zaka zambiri. Amakhala pamkeka, amafunsa zimene timadya, zimene timaphikira, ndalama zimene timawononga pa mabatire, kenaka galimoto imadzutsa fumbi ndipo sitimvanso kanthu. Anthu atopa, ena ayamba kuyankha zongowathamangitsa. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo mzimu wake ndi wakuti zinthu zokhudza anthu zizilengezedwa osadikira kuti wina achite kugwada. Kuika lipoti la Chingerezi la masamba mazana pa intaneti si kugawana ndi mayi wa kwa Mwanza. Pepala limodzi la m'Chichewa, miyezi itatu iliyonse, lomatidwa pa bolodi la kwa DC ndi ku likulu la mfumu yaikulu iliyonse, n'kuwerengedwanso pa wailesi ya Chisomo ndi ya Nkhotakota, lingakwane. Linene maola amene chingwe chilichonse chinakhala chozima ndi chifukwa chake, nyumba zimene zalumikizidwa, zimene zikudikira ndi nthawi imene zadikira, mathiransifoma amene apsa kapena kubedwa, mtengo wa thumba la makala m'misika ikuluikulu, ndi pamene nyanja yafika.

Ndikudziwa mantha ake. Manambala a mdima sakometsa ofesi iliyonse, ndipo andale angawatole n'kumagenda nawo. Koma mdimawo anthu akuudziwa kale, amagona nawo. Chimene sadziwa ndi chifukwa chake, ndiye amangoti ndi nkhanza kapena tsankho. Mudzi utauzidwa kuti mdima wa mwezi wathawu unabwera chifukwa thiransifoma inakhetsedwa mafuta ndi akuba, mungadabwe mmene anthu angayambire kuilondera usiku. Zinsinsi za malonda ndi maina a makasitomala sungani, sitikuzifuna. Tikufuna za dera.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ife a ADC yathu tayambapo. Tagwirizana kuti eni zigayo ndi owotcherera a m'dera lathu aliyense akhale ndi kope lake, ndipo mlembi wathu aziphatikiza pakutha pa mwezi. Zolemba zathu n'zamanja, mawotchi athu sagwirizana kwenikweni, ndipo tsiku la maliro palibe amene amalemba. Tikadzapatsidwa fomu yovomerezeka tidzaitsatira. Pakadali pano, amene mungamutume adzafunse chigayo cha aphunzitsi. Kope lili pashelefu, kuseri kwa sikelo, ndipo masamba a ngongole ndidzawapinda kuti asawaone.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ndi mwini chigayo,
Salima.